Mchenga wakuda wa m'magombe akale: ndege, beseni, auger kapena aircore, uyambire pati?

Mwezi wathawu mlamu wanga wa ku Salima anatulukira ndi botolo la Sobo lodzadza mchenga wakuda bii, akuti watapa kumunsi kwa dimba lake mvula itakokolola, ndiye poti anamva pa wailesi zoti ku Kasiya apeza rutile, iye mumtima anali atagula kale galimoto. Ndinamuseka pang'ono, koma funso lomwe anandifunsa tikudya nsima linali la nzeru ndithu. Akuti kodi anthu amakampaniwa amadziwa bwanji kuti pansi apa pali mchenga wa ndalama, chonsecho pamwamba pali chimanga kapena thengo basi, nyanja ili kutali? Ndiye ndati ndilembe njira zomwe amagwiritsa ntchito, iliyonse pomwe imathandiza ndi pomwe imakunamiza, poti zina mwa njirazi zimadya ndalama zambiri koma zimangokuuza kuti "mwina".

Chomwe akufuna mumchengamo ndi tinjere tinayi makamaka. Ilmenite ndi rutile, momwe mumachokera titanium, ndipo gawo lalikulu kwambiri la titanium ameneyu silipita ku ndege ngati momwe anthu amaganizira ayi, limapita ku ufa woyera womwe umayeretsa penti, mapulasitiki ndi mapepala. Rutile ina imapita ku ndodo zowotcherera zitsulo zomwe anyamata a pa Biwi amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Zircon amapangira matailosi ndi masinki. Kenako monazite, yomwe imakhala yochepa koma masiku ano ikusakidwa chifukwa cha ma rare earth, gulu la zitsulo zomwe zina mwa izo amapangira magineti amphamvu. Zonsezi n'zolemera. Mchenga wamba woyera uja, quartz, umalemera ka 2.65 kuyerekeza ndi madzi, pomwe rutile ndi cha m'ma 4.2, zircon ndi ilmenite cha m'ma 4.6 mpaka 4.7.

Kulemerako ndiye nkhani yonse. Amene anaonapo mayi akupeta mpunga palichero wamvetsa kale, mankhusu amauluka, timiyala timasonkhana mbali imodzi. Mafunde amachita zomwezo pagombe, amakwera ndi mphamvu atanyamula zonse, pobwerera mphamvu yachepa ndiye amatenga mchenga wopepuka n'kusiya wolemera. Pitani ku Senga Bay mwera ukangoleka mukaone timizere takuda pomwe mafunde amalekezera, ndi zomwezo. Tsono zimenezi zichitike kwa zaka masauzande pamalo amodzi, makamaka pomwe gombe lapindika kuseri kwa phiri lolowa m'madzi, mumapeza mulu wautali wa mchenga wolemera. Kenako nyanja ija ibwerere m'mbuyo, gombe litsale kumtunda, mphepo ndi mitsinje zikwirire ndi dothi, pamere mitengo, anthu amange nyumba. Ndi gombe limeneli lomwe tikusaka, lomwe palibe munthu analionapo ndi maso.

Kwawo kwenikweni kwa ntchito imeneyi ndi ku Australia. Kuli dera lotchedwa Murray Basin, kukula kwake kuposa Malawi kawiri ndi theka, komwe zaka pafupifupi 5 miliyoni zapitazo nyanja inali italowa mkati mwa dziko ndipo pobwerera inkasiya magombe motsatizana, mazanamazana, ngati mizere ya m'munda. Lero pamwamba pake amalima tirigu ndi kuweta nkhosa. Migodi ngati Ginkgo ndi Snapper kufupi ndi Pooncarie ili makilomita mazana angapo kuchokera kunyanja ya lero. Ku Eneabba, kumadzulo kwa dzikolo, anapeza cha m'ma 1970, makilomita pafupifupi 30 kuchokera kugombe. Ndiye Jacinth, yomwe kampani ya Iluka inapeza mu 2004 m'chipululu cha Eucla Basin n'kuyamba kukumba mu 2009, gombe lake ndi la zaka zoposa 30 miliyoni, zircon yake yochuluka modabwitsa. Chofunika kusunga m'mutu ndi maonekedwe a chinthuchi. Chimakhala chachitali, makilomita 10 olo kuposa, koma chopapatiza, nthawi zambiri mamita 100, 200, mwina mazana ochepa. Zili ngati kusaka chingwe chomwe chakwiriridwa m'bwalo la mpira. Njira iliyonse muiyese ndi funso limeneli, kodi ingachipeze chingwe?

Njira yoyamba ndi yotsika mtengo kuposa zonse ndipo anthu amainyoza poti siioneka ngati ntchito, kukhala pa kompyuta ndi mapu. Mu February 2000 chombo cha NASA chinayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka pafupifupi dziko lonse, amati SRTM, ndipo zimenezi zili pa intaneti zaulere, kabokosi kalikonse mamita 30. Ukazipaka mitundu bwino, timitunda ta mamita ochepa tomwe sungatione uli pansi timatulukira ngati mizere yopindika, ndipo munthu wodziwa amaona kuti apa panali gombe, apa panali phiri lotchinga mafunde, ndiye mchenga wolemera uyenera kuti unkagwera apa. Magombe a Eucla Basin anawalondola kwambiri ndi zithunzi zamtunduwu. Kuwonjezera apo pali malipoti akale, kwathu kuno ku Geological Survey ku Zomba, komanso zolemba za anthu oboola mijigo. Woboola mjigo safuna titanium, koma akalemba kuti pa mamita 18 tinapeza mchenga wosalala wa mbuu wosakanikirana ndi wakuda, wakupatsa dzenje laulere. Kuipa kwake, mapu amakuuza kuti gombe linali apa koma sakuuza ngati muli kanthu. Magombe ambiri akale ndi quartz yokhayokha. Komanso ngati dothi lapamwamba ndi lochindikala, kapena mphepo inaunjika milu yake pamwamba, mizere ija imafufutika, SRTM imangoona chigwa chosalala.

Kwathu kuno malo omwe njira imeneyi imagwira bwino ndi ku Chilwa. Nyanja ya Chilwa kale inali yaikulu kuposa lero, inali imodzi ndi Chiuta, ndipo chomwe chinazilekanitsa ndi chimtunda chachitali cha mchenga, dera lomwe njanji ya ku Nayuchi imadutsa pakati pa nyanja ziwirizi. Chimenechi ndi gombe lakale loonekeratu ngakhale pa foni, ndipo mchenga wolemera wa ku Chilwa, cha ku Mpyupyu, unalembedwa kalekale. Nyanja ya Malawi ndiye yosiyana pang'ono, asayansi ataboola pansi pake mu 2005 anapeza kuti inaphwerapo mamita mazanamazana kalelo, kutanthauza kuti magombe ake ambiri akale ali pansi pa madzi, osati kumtunda. Zomwe zili kumtunda ndi ngati za ku Makanjira ndi Chipoka, zosazama kwenikweni. Ndiye tisamangokopera za ku Australia ngati mmene zilili.

Tibwere pa ndege, yomwe aliyense amaikonda poti imaoneka yachizungu. Ndege imauluka motsika itanyamula chida choyeza mphamvu ya magineti ya m'nthaka. Ilmenite imakoka magineti pang'ono, magnetite yomwe imayenda nayo limodzi imakoka kwambiri, ndiye gombe lodzadza ndi zimenezi limaoneka pamapu ngati kamzere kowongoka kapena kopindika pang'ono. Ku Murray Basin njira imeneyi inathandiza zedi, magombe ena anawapeza chonchi ali pansi pa minda ya tirigu. Ubwino wake ndi liwiro, dera lomwe ungaliyende chaka ndege imaliza masabata, osakangana ndi mwini munda aliyense. Koma pali zinthu zitatu zomwe ogulitsa ntchitoyi sathamangira kunena. Choyamba, chizindikiro cha mchengawu n'chofooka kwambiri, ndiye ngati pansi pake pali thanthwe lokoka magineti, kapena pamwamba pali timiyala tachitsulo tofiira tija ta m'misewu yafumbi, phokoso lake limakwirira zonse, zili ngati kumvera munthu akunong'ona pafupi ndi chigayo. Chachiwiri, gombe likazama chizindikiro chimazilala msanga. Chachitatu ndi chomwe chimandisangalatsa ine, ilmenite ikakhalitsa m'nthaka chitsulo chake chimasukuluka pang'onopang'ono n'kusanduka leucoxene, titanium imachuluka, mtengo umakwera, koma magineti imachepa. Rutile ndi zircon ndiye sizikoka n'komwe. Kutanthauza kuti gombe lomwe lili ndi katundu wodula kwambiri ndi lomwe ndege ingalidutse osaona kanthu, pomwe lomwe likuwala pamapu mwina ndi magnetite yachabechabe.

Ena anena kuti si tinali ndi Kauniuni, kafukufuku wa boma uja woyeza miyala ya dziko lino ndi ndege? Eya, ndege zija zinauluka mu 2013 ndi 2014, kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics, zotsatira zinatuluka mu 2015, ndipo n'zothandiza kwambiri pomvetsa miyala ya dziko lonse. Koma mizere yomwe ndege inkatsata inali yotalikirana mamita 250, ndipo inapangidwira kuona dziko lonse, osati kusaka chingwe chopapatiza. Ngati gombe lagona motsatana ndi momwe ndege inkaulukira, likhoza kukhala pakati pa mizere iwiri osagundidwa. Wofuna mchenga amayenera kuulutsanso yake, motsika, mizere yothinana, yodula gombe mopingasa. Masiku ano ena amagwiritsa ntchito ma drone pa malo aang'ono, zimatsikirako mtengo.

Ndege yomweyo imanyamulanso chida china choyeza cheza chochokera m'nthaka. Monazite ili ndi thorium, zircon ili ndi uranium ndi thorium pang'ono, ndiye mchenga wolemera ukakhala pamtunda umawala bwinobwino pamapu a thorium. Pa magombe a lero ndi milu ya mchenga yosakwiririka, njira imeneyi ndi yabwino kuposa ya magineti, ine ndingayambire pamenepo ku Makanjira kapena ku Chilwa. Koma chezacho chimachokera m'dothi lapamwamba lokha, osafika olo theka la mita. Gombe lokwiririka mamita awiri okha, basi, chida chimenechi n'chakhungu. Madzi ndi chinyontho cha m'dambo zimachiphanso. Ndiye pa nkhani yathu ya magombe okwiririka chimangothandiza pomwe mtsinje wadula gombelo n'kumwaza mchenga wake pamtunda, kapena pomwe chiswe chatulutsa dothi la pansi. Kumbukiraninso kuti mapiri ambiri a kum'mwera kwathu kuno ali ndi thorium yawoyawo, si chilichonse chowala chomwe ndi gombe.

Pali tizida tina ta pansi tomwe sindichedwapo. Radar yokoka pansi imajambula bwino mmene mchenga unayalidwira, koma imafuna mchenga wouma woyera, ikakumana ndi makande kapena madzi amchere ngati a ku Chilwa imafera pa mita imodzi kapena iwiri. Zina zimayeza kunjenjemera kwa nthaka kuti udziwe thanthwe lili pakuya bwanji, zimathandiza kupeza zitunda zokwiririka zomwe zinkatchinga mafunde. Zonsezi zimakuonetsa maonekedwe a pansi, palibe chomwe chimakuuza kuti muli zircon.

Tsopano beseni. Musaseke, palibe jiyolojisiti wa mchenga amene amayenda opanda kabeseni kopetera, olo a makampani akuluakulu. Amene anaona anthu osaka golide ku Lisungwe akudziwa mmene zimakhalira, utapa mchenga wodzadza dzanja, uthira madzi, uzunguza mpaka wopepuka wonse utapita, zotsala pansi ndiye katundu. Munthu wozolowera amatha kuyerekeza ndi maso kuti apa pali 1 pa 100 kapena 5 pa 100, ndipo saphonya patali. Ukawonjezera kagalasi kokulitsa zinthu ndi magineti ya sipika yakufa ya wailesi, wayamba kale kusiyanitsa. Kulunga magineti mu pulasitiki, uyendetse pamwamba pa mchenga wouma, zomwe zikudumphira msangamsanga ndi magnetite, yotsika mtengo. Ilmenite imabwera monyinyirika, imafuna magineti yamphamvu. Zofiirira ngati shuga wabulauni nthawi zambiri ndi garnet. Rutile imakhala yofiira modera, yonyezimira, zircon timakhala tinjere tating'ono towala ngati galasi. Palinso zakuda zina ngati hornblende zomwe zimalemera ndithu koma palibe amagula. Mtengo wa njira imeneyi ndi nsapato zako basi. Vuto lake ndi loti imaona pamtunda pokha, komanso imanamiza moipa chifukwa munthu mwachibadwa amatapa pomwe pada kwambiri. Kamzere kakuda ka masentimita awiri komwe mvula yasonkhanitsa mu ngalande kakhoza kukupatsa 60 pa 100, ukakumba pansi pake n'kupeza zero. Beseni ndi labwino poyankha funso limodzi, kodi mitsinje ya dera lino imanyamula rutile ndi zircon kapena ayi? Ngati m'mitsinje mulibe, gombe lake lizitenga kuti.

Auger yamanja ndiye njira yomwe ine ndimaiona kuti ikutiyenera kuno. Ndi chitsulo chopota chija, anyamata atatu kapena anayi akuzunguza, kuwonjezera ndodo pamene dzenje likuzama, kutulutsa dothi mita iliyonse n'kuika m'thumba lake. Safuna msewu, safuna dizilo, imakwera pa kabaza, dzenje lake ndi laling'ono loti mwini munda sadandaula kwambiri, ndipo ndalama zimapita kwa anthu a m'mudzi momwemo. Kasiya ija mlamu wanga anamva inatsimikizidwa kwambiri ndi auger yamanja, maenje ambirimbiri, kenako ndiye anabweretsa makina, mpaka kufika pa matani 1.8 biliyoni a dothi lokhala ndi rutile pafupifupi 1 pa 100, kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto n'kugula gawo mu Sovereign Metals, eni ntchito ya ku Kasiyayo, mu 2023. Koma apa pali posokonekera. Kasiya si gombe lakale ayi. Ndi thanthwe lomwe linawola pamalo pomwepo kwa zaka zambirimbiri, zina zonse n'kusungunuka, rutile n'kutsala. Ndiye yayala ngati bulangete pa dera lalikulu la chigwa cha kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira pamtunda penipeni, paliponse ungaboole uipeza. Gombe silili choncho. Komanso auger imathera pa mamita 10, mwina kupitirira pang'ono ngati dothi lili lofewa, ikagunda mwala kapena dothi lolimba kwambiri yaima, ndipo ikafika pa madzi mumchenga dzenje limangogumukira, ukutulutsa mchenga womwewo kakhumi osazama. Pa Chilwa ndi Makanjira pamwamba pa madzi ndi yabwino. Pa gombe lokwiririka mamita 30 ndi kungotopetsa anthu.

Ndiye timafika pa aircore, yomwe ndi kavalo weniweni wa ntchito imeneyi, ndipo inayambira komweko ku Western Australia m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha mchenga womwewu. Makina amakhala pa lole yaying'ono kapena pa Land Cruiser. Paipi yake ndi iwiri, ina mkati mwa inzake. Mpweya wa kompuresa umatsika pakati pa mapaipi awiriwo, ukafika kunsonga komwe kuli mipeni umatembenuka n'kukwera mu paipi yamkati utanyamula mchenga, ndiye sampulo siikhudza makoma a dzenje, zomwe zatuluka pa mamita 24 ndi za pa mamita 24 zenizeni. Pamwamba mchenga umagwera mu chimphika chozunguza chomwe chimachotsa mpweya, kenako amagawa, gawo lina m'thumba la ku labu, ndipo jiyolojisiti waima pompo ndi beseni lake kupeta mita iliyonse kapena mita ndi theka. Mumchenga wofewa imathamanga kwabasi, mamita mazana angapo pa tsiku, maenje a mamita 30 mpaka 60 osavuta. Ndi njira yoyamba pa zonse zomwe ndatchulazi yomwe imakupatsa mchenga weniweni wa gombe lokwiririka m'manja mwako.

Nayonso ili ndi matenda ake. Pansi pa madzi mchenga umathamangira mu paipi wokha, ndiye mita imodzi imatulutsa matumba awiri, ina theka la thumba, ndipo madzi akamasefukira amatenga mchenga wopepuka n'kusiya wolemera, mwapeta musanafune, zotsatira zimakwera mwabodza. Woboola wosasamala amene satsuka mapaipi amapaka mchenga wolemera wa pamwamba mpaka pansi, gombe la mamita atatu n'kuoneka ngati la mamita asanu ndi atatu. N'chifukwa chake amayeza kulemera kwa thumba lililonse, ndipo munthu akakuonetsani zotsatira za aircore mufunseni kuti madzi anayambira pa mamita angati. Ikakumana ndi mwala wolimba mipeni imakanika mpaka asinthe aike hamala. Ndipo kubweretsa makinawa kuno, ndi dizilo wake, ndi msewu woti adutse nthawi ya dzinja, si ndalama zamasewera.

Koma chomwe chimapha anthu ambiri pa aircore si makina, ndi kayalidwe ka maenje. Tabwererani ku chingwe chija. Ngati gombe ndi la mamita 100 m'lifupi, inu n'kumaboola mamita 200 aliwonse, masamu a ku pulayimale akukuuzani kuti theka la nthawi mulidumpha, mupita kunyumba mukunena kuti kulibe kanthu chonsecho munaimika galimoto pamwamba pake. Ndiye amachita mosemphanitsa, mizere ya maenje imatalikirana kwambiri, kilomita imodzi, iwiri olo kuposa, poti gombelo ndi lalitali silithawa, koma mumzeremo maenje amathinana, mamita 40 kapena 20 pomwe pakukayikitsa, ndipo mzere uzidula gombe mopingasa. Ku Murray Basin ankayamba ndi kuboola m'mphepete mwa misewu ya boma kuti asavutane ndi eni minda. Apa ndi pomwe mapu ndi ndege zija zimabwezera ndalama zake, sizipeza mgodi, zimangokuuza kuti mzere uloze uku osati uko, ndipo m'malo mwa maenje 2,000 uboola 300.

Palinso njira ina yoboolera yotchedwa sonic, nkhani yake ndiyachidule. Makina amanjenjemeretsa paipi mpaka imalowa mumchenga ngati mpeni mu papaya, n'kutulutsa dothi lonse lathunthu mmene linayalidwira, olo pansi pa madzi. Sampulo yake ndi yabwino kuposa zonse, koma imachedwa ndipo mita imodzi imadula kangapo kuposa aircore. Palibe wanzeru amasakira nayo. Amaibweretsa kumapeto, kuboola pambali penipeni pa maenje ena a aircore kuti aone ngati manambala aja anali oona, komanso kutenga dothi lambiri lokayesera fakitale.

Zonsezi zimakathera ku labu, ndipo kumeneko ndi komwe maloto ambiri amafera. Amayamba kutsuka kuchotsa matope osalala kwambiri, ochepera ma micron 45 kapena 63 kutengera labu yake (ma micron 1,000 ndiye milimita imodzi), kusefa timiyala tokulirapo, kenako mchenga wotsala amauthira mu madzi apadera olemera pafupifupi ka 2.9, quartz imayandama, zolemera zimamira. Ndiye mumapeza nambala ija amalengeza, mchenga wolemera 3 pa 100, 8 pa 100. Nambala imeneyi payokha isakukomoleni. Funso ndi loti mwa zolemerazo zingati ndi zogulitsika. Gombe la 3 pa 100 lomwe theka lake ndi zircon, ngati mmene Jacinth inalili yochuluka zircon, limaposa la 15 pa 100 lodzadza garnet ndi magnetite. Moma ku Nampula, yomwe Kenmare inayamba kukumba mu 2007, imayenda ndi mchenga wa manambala otsika ndithu, koma ndi wambiri, wosavuta kukumba, uli pagombe pomwe sitima zimadzatengera. Matope akachuluka fakitale imavutika. Ilmenite ikakhala ndi chromium wambiri ogula amachotsera mtengo. Njere zikachepetsetsa ndi vuto linanso, ku Victoria, komweko ku Australia, kuli milu ikuluikulu yotchedwa WIM kufupi ndi Horsham yomwe inapezeka m'ma 1980 koma inakhala zaka makumi osakumbidwa poti njere zake n'zosalala kwambiri, makina opetera ankangozitaya. Kuzama nakonso, West Balranald ya ku Murray Basin ndi gombe lolemera kwambiri koma lili mamita 60 kapena kuposa pansi, m'madzi, mpaka Iluka inachita kupanga njira yatsopano yolikumbira cha pansi.

Ndiye mukandifunsa kuti njira yabwino ndi iti, ndikufunsani kaye kuti gombe lanulo mukuliganizira pakuya bwanji. Ngati lili pamtunda kapena mamita ochepa, ngati zambiri za kwathu kuno, ine ndege sindingailipire poyamba. SRTM, mapu a thorium a Kauniuni omwe alipo kale, beseni m'mitsinje, kenako auger m'mizere yopingasa nthawi ya chilimwe madzi atatsika, cha mu September ndi October, masampulo ku labu, ndipo pokhapo manambala akakoma ndiye aircore kuti tione pansi pa madzi. Ngati lili mamita 20 kupita pansi, ngati ku Murray Basin, beseni ndi auger ziiwaleni, ndi mapu, ndege ya magineti youluka motsika, kenako aircore basi, ndipo mukonzekere kuti maenje ambiri atuluka opanda kanthu. Ngati miyala ya kumtunda ikusonyeza kuti katundu wake ndi zircon ndi rutile, ndalama za ndege ndi bwino kuziika pa maenje owonjezera. Ndipo kwathu kuno pali china chomwe ku Australia sachiganizira kwambiri, mtunda wopita kudoko. Ilmenite ndi katundu wolemera wotsika mtengo pa tani, kuti akafike ku Nacala kapena Beira njanji idya phindu lambiri, ndiye pofufuza pomwe diso lizikhala pa rutile ndi zircon kuyambira tsiku loyamba.

Musaiwale kuti olo auger imafuna laisensi yofufuzira yochokera ku boma, ndipo laisensiyo siikupatsani ufulu wolowa m'munda mwa munthu osapita kaye kwa amfumu ndi mwini wake. Mukaunjika monazite yambiri pamalo amodzi yayamba kale kukhala nkhani ya cheza, ili ndi malamulo akeake, si yosunga kuchipinda chogona.

Botolo la mlamu lija tinaliyanika pa nyuzipepala, ndinamasula sipika ya wailesi yakale, kukulunga mu jumbo, kuyendetsa pamwamba kawiri. Pafupifupi zonse zinadumphira ku magineti. Zomwe zinatsala papepala sizikanadzadza olo kachivindikiro ka botololo, zambiri garnet, koma pa kagalasi munali tinjere tingapo tofiira modera tonyezimira. Iye ndi tomweto anagwira, akuti chilimwe chino abwereka auger kwa anthu okumba zitsime akaboole kumtunda kwa dimba, pomwe agogo ake ankati kale madzi a nyanja ankafika. Ndamuuza kuti ayambe wakafunsa za laisensi, mzere wake uchoke kunyanja kulowera kumtunda osati motsata gombe, ndipo thumba lililonse alembepo nambala ya dzenje ndi mita yake.